Mwagula Njinga ya Moto kwa Mnzanu? Yambani Mwaona Popumira Pake

Nyengo yogulitsa mbeu ikatha timalandira makalata ambiri kuno ku ofesi ochokera kwa alimi, aphunzitsi ndi anyamata a kabaza amene agula njinga za moto kwa anzao. Madandaulo ao ali ofanana. Wina ati njinga yake ivuta kulira m'mawa. Wina ati ikakumana ndi chitunda itsamwa ngati munthu wodya mbatata popanda madzi. Winanso ati potsetsereka iphulika kumbuyo ngati mfuti, ndipo injini itentha kotero kuti mwendo sungayandikire. Pafupifupi onse amaliza kalata yao ndi funso limodzi, lakuti kodi kabuleta aitani.

Yankho lathu ndi lakuti kawirikawiri mlandu suyambira pa kabuleta. Musanaigwire, yambani mwafufuza zimene mwini wake woyamba anachita ku mbali ziwiri zoyandikana nayo, ndizo polowera mpweya ndi potulukira utsi.

Ine ndinaziona zimenezi pa njinga ya amalume anga, amene aphunzitsa pa sukulu ina ya m'mapiri. Iwo anaikonda chifukwa cha kulira kwake, pakuti inkamveka isanaoloke dambo, ndipo wogulitsa anawauza kuti kulira kotero ndiyo mphamvu. Patapita miyezi iwiri njingayo inaima pa chitunda ali ndi thumba la chimanga kumbuyo. Makaniko atatsegula anapeza vavu ya utsi itapsa m'mphepete. Ndalama imene amalume anasungira feteleza inathera pamenepo.

Chimene injini idya

Njinga zambiri za 125 ndi 150 zimene tiziona m'midzi mwathu zili ndi injini yotengera pa Honda CG125, imene inatuluka m'chaka cha 1975. Anthu a ku Japan anaipanga dala kuti ipirire m'maiko a miseu ya fumbi, kumene amakaniko ali patali. Pambuyo pake makampani a ku China, monga Lifan, anayamba kupanga zofanana nayo. Ndi injini yopirira ndithu, koma nayonso ili ndi muyeso wa chakudya chake.

Chakudya chimenecho ndi petulo wosakaniza ndi mpweya. Kuti petulo apse bwino, kilogalamu imodzi ya petulo ifuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Popeza mpweya ndi wopepuka, ndiye kuti lita imodzi ya petulo ifuna malita a mpweya pafupifupi 9,000, kapena titi migolo 45 ya malita 200. Aphunzitsi angathe kupereka samu imeneyi kwa ana a Sitandade 8. Mpweya wonsewo injini iutenga pa mseu umene muyendapo, pamodzi ndi fumbi lake.

Ntchito ya kabuleta ndiyo kusakaniza ziwirizi. Mpweya podutsa pa khosi lake lopapatiza uthamanga kwambiri, ndipo pothamangapo ukoka petulo kuchokera m'kambale kamene kali pansi, kudzera m'timabowo ta mkuwa totchedwa majeti. Koma dziwani kuti kabuleta ilibe maso. Siiwerenga mpweya umene walowa, ingomvera kukoka. Amene anaipanga anayesa majetiwo pamodzi ndi bokosi la eyakilina ndiponso ekizozi zimene njinga inabwera nazo. Mukasintha chimodzi, muyeso wonse wasokonezeka.

Petulo akachuluka, injini ichita ngati koloboyi amene chingwe chake chatuluka kwambiri: utsi wakuda, mwaye, ndi mafuta kutha msanga. Kumeneko ndi kutaya ndalama, koma injini siifa tsiku lomwelo. Choopsa ndi pamene mpweya wachuluka, petulo nachepa. Aliyense amene anaonerera wosula makasu adziwa chimene mvukuto uchita pa makala. Injini yotere itentha kopitirira muyeso, vavu ipsa, ndipo nthawi zina pistoni ibooka pamwamba.

Bokosi la eyakilina

Anyamata ambiri achotsa bokosi lakuda la eyakilina, naikapo kasefa kakang'ono konyezimira, kapena angosiya kabuleta ili kukamwa. Ena aboola chivundikiro cha bokosi ndi msomali wa moto. Akatero njira ya mpweya yamasuka, kukoka kwa pa majeti kwachepa, ndipo petulo afika wochepa. Fumbi nalo lilowa mwaufulu, ndipo likasakanikirana ndi oilo lipala malingi ndi silinda monga mchenga upala poto. Njinga yoyenda chotero m'chilimwe chimodzi iyamba kutulutsa utsi wa buluu, ndipo utsi umenewo si wa kabuleta ai, ndi oilo amene akupsa. Palibe kasikuluu kamene mungapotokole kuti kachiritse zimenezo.

Tsono ngati bokosi palibe, funsani amene anakugulitsani. Kawirikawiri likhala lili pa tsindwi kapena kuseri kwa nkhokwe. Likasowa, gulani la mtundu wa njinga yanu. Ngati lilipo, tsegulani muone sefa yake. Ya siponji muichape m'palafini, muifinye m'manja osaipotokola, iume, ndipo muinyowetse ndi oilo watsopano ndi kufinyanso kufikira asiye kudontha. Siponji youma siigwira fumbi. Ya pepala siichapidwa ndipo siilandira oilo. Muigogode pang'ono, ikada mugule ina. Ndaonapo anthu ataikamo chidutswa cha matiresi, koma chimenecho chifumbutuka ndi kulowa m'injini.

Pali malo ena amene anthu aiwala, ndiwo mphira umene ulumikiza kabuleta ndi injini. Ukakalamba ung'ambika, ndipo mpweya ulowera pamenepo mobisala, wosadzera pa majeti. Zizindikiro zake ndi izi: injini ikatentha ilira mokwera yokha, ndipo mukasiya moto ichedwa kutsika. Iyeseni chotere. Injini ikulira payokha, gwedezani kabuleta pang'ono ndi dzanja. Kulira kukasintha, mphirawo ndiwo wolakwa. Kumata ndi mphira wa chubu kungakufikitseni kunyumba, koma si mankhwala.

Ekizozi

M'kati mwa ekizozi muli zipinda ndi timapaipi zimene zichepetsa phokoso. Amene afuna kumveka achotsa zimenezi kwa wootcherera. Kunena zoona, pa injini yaing'ono chotere mphamvu imene ionjezereka ndi yosaoneka ndi maso, ndipo nthawi zambiri njinga ifooka ponyamuka ndi pokwera chitunda ndi katundu, pamene munthu wa kumudzi aifunira mphamvu. Khutu limunamiza mwini wake. Nawonso muyeso wa petulo upendekera ku mbali yoopsa ija, makamaka ngati eyakilina anaichotsanso. Za odwala ndi ana ogona amene njinga yotere iwadzutsa usiku sitinenapo, anansi anu adzakuuzani okha.

Kuphulika kuja kwa potsetsereka kuchokera apa. Mukatseka moto, petulo wina atuluka wosapsa, ndipo akakumana ndi mpweya m'paipi yotentha aphulikira momwemo. Choncho yang'anani pamene paipi ilumikizana ndi injini. Mukaona mwaye wakuda mozungulira, gasiketi ya pamenepo yatha kapena manati amasuka, ndipo mpweya ukulowa. Gasiketi imeneyi ndi yotsika mtengo.

Amene agula njinga zakale zija alangizi ankayendera, za mtundu wa Yamaha DT kapena AG100, zimene ziotcha oilo pamodzi ndi petulo, achenjere koposa. Pa injini zimenezo mimba ya ekizozi ndi chiwalo cha injini yeniyeniyo, pakuti ithandiza kusunga petulo m'silinda. Mukaidula njinga ifooka, ndipo petulo akachepa pistoni igwira muli pa liwiro.

Funsani pulagi

Bokosi ndi ekizozi zikabwerera m'malo mwake, njinga zambiri zichira pompo. Ngati yanu ikadavutabe, onani mavavu injini ili yozizira. Pa CG125 mpata wake ndi milimita 0.08, koma tsatani buku la njinga yanu ngati lilipo. Mavavu othina avutitsa kuliza njinga m'mawa, ndipo anthu ambiri anamizira kabuleta pa mlandu umenewu.

Mukatha apo ikani pulagi yoyera, ya mpata wa milimita 0.6 kufikira 0.7, ndipo yendani makilomita angapo. Pezani chitunda chachitali, mukwere ndi moto wambiri, ndipo pamwamba pake gwirani kilatchi ndi kuzima injini nthawi yomweyo, osailola kulira payokha. Ikazizirako masulani pulagi muone nsonga yake. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wa mkaka, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo wachuluka. Ikakhala yoyera mbuu ngati phulusa, petulo wachepa, ndipo musapitirire ulendo wautali. Yakuda monyowa ndi oilo, ndiwo malingi aja.

Choki nayo ingakuuzeni. Injini itatentha, ikani choki pang'ono muli kuyenda. Njinga ikayamba kukoka bwino, ndiye kuti inali ndi njala ya petulo. Koma ngati m'mawa wa mwezi wa June ingolira kamodzi popanda choki, ndi kumanunkha petulo, ndiye kuti ikudya kopitirira.

M'kati mwa kabuleta

Tsopano mungathe kuitsegula, koma pa nsalu yoyera kapena m'beseni, osati pa mchenga, ndipo kutali ndi moto ndi fodya. Yambani ndi kambale ka pansi. Petulo wa m'dziko muno asakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ethanol akoka chinyezi. Onjezerani apo petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu, mudzapeza madzi ndi zinyalala pansi pa kambaleko. Njinga imene inakhala miyezi osayenda ikhalanso ndi utomoni wotseka timabowo.

Kabuleta igawa ntchito patatu. Pamene injini ikulira payokha kufikira mwatsegula moto pang'ono, igwira ntchito ndi jeti yaing'ono pamodzi ndi kasikuluu kake. Pakati, ndiye pamene tiyendera masiku onse, ilamula ndi singano. Mukatsegula moto wonse ilamula ndi jeti yaikulu. Choncho zindikirani pamene njinga yanu ivutira, ndipo gwirani chokhacho.

Jeti yaing'ono ndiyo itsekeka msanga. Ipopeni ndi pampu ya njinga yakapalasa, ndipo muiyang'ane pa dzuwa ngati kuwala kudutsa. Waya, singano yosokera kapena msomali zisayandikire, pakuti mkuwa ndi wofewa. Apa ndipo pagona chinyengo chachikulu cha njinga yogula kwa wina. Pa jeti yaikulu alembapo nambala, ndipo m'makabuleta otengera a Keihin nambala 100 ndi bowo la pafupifupi milimita imodzi. Munthu akalikulitsa ndi waya kufika milimita 1.1, maso sangaone kusiyana, koma malo odutsa petulo akula ndi magawo 21 pa 100, nambala ili yomweyo. Mukaona zokanda pakamwa pa jeti musaikhulupirire. Gulani yatsopano ya nambala imene njinga ya mtundu wanu ibwera nayo.

Singano zambiri zili ndi mizere isanu kumutu, ndipo kachitsulo kogwira singano kawirikawiri kakhala pa mzere wa pakati. Kakatsika, singano ikwera ndipo petulo achuluka. Kakakwera, petulo achepa. Mukapeza kali kumapeto, dziwani kuti wina ankabisa matenda ena. Kabwezereni pakati.

Kasikuluu ka jeti yaing'ono mukamange pang'onopang'ono kufikira kangokhudza, osakakamiza, ndipo mukabweze kamodzi ndi theka. Pamenepo ndi poyambira chabe. Injini itatentha, kapotokoleni pang'ono uku ndi uku kufikira mwapeza pamene ilira mosalala ndi mokwera, ndipo mutsitse kulirako ndi sikuluu inzake ija ya moto. Kasikuluu kakakhala ku mbali ya injini, kukamasula kuonjezera petulo. Kakakhala ku mbali ya eyakilina, kukamasula kuonjezera mpweya.

Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi, muyende, muone pulagi, mulembe m'kope, ndipo pokhapo mugwire china. Wosintha zitatu nthawi imodzi sadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga.

Funsaninso kumene njinga inkakhala. Nsanje ili pa mamita osafika 100 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wa kumeneko upepuka ndi magawo ngati 15 pa 100. Njinga yochokera ku chigwa ikafika ku mapiri ifookako, pulagi nidera pang'ono, ndipo zimenezo si matenda. Koma ngati mwini wake wa ku mapiri anaika jeti yaing'ono kuposa yake, inu nimupita nayo ku Chikwawa kapena ku Salima, onani pulagi tsiku loyamba lomwelo musanasenze katundu.

Amalume aja bokosi lao analipeza kwa wogulitsayo, nkhuku itaikiramo mazira. Ekizozi anachita kugula ina. Tsopano ana a sukulu sawamvanso akubwera, ndipo ochedwa agwidwa pa chipata.