Gasi wa ku Qatar ndi funso la chiyambi cha zonse: mfundo 6 zodabwitsa

Ambiri amaidziwa Doha chifukwa cha World Cup ya 2022 ndi ndalama za gasi. Koma gasi yemweyo akukhudzana ndi mkangano wakalekale wa akatswiri a filosofi: kodi thambo ndi nyenyezi zinachita kuyamba, kapena zakhalapo chikhalire?

1. Mu 1835 Auguste Comte wa ku France, amene ankaphunzitsa kuti chidziwitso chenicheni ndi chokhacho chimene munthu angachione ndi kuchiyesa, ananenetsa kuti sitidzadziwa zimene zili m'nyenyezi. Anamwalira mu 1857. Patangopita zaka ziwiri, Kirchhoff ndi Bunsen ku Germany anaonetsa kuti kuwala kukamwazidwa ndi galasi ngati utawaleza, timizere tooneka mmenemo timaulula chinthu chimene chikuwalacho. Mu 1868, pa kadamsana amene anaoneka ku India, kunapezeka kamzere kachikasu kachilendo m'kuwala kwa dzuwa. Anali mpweya wa helium. Pansi pano William Ramsay anadzaupeza mu 1895. Ganizirani, mpweya unayamba wadziwika kudzuwa usanagwidwe m'botolo.

2. M'zaka zapitazi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a helium wogulitsidwa pa dziko lonse lakhala likuchokera ku Ras Laffan, makilomita ngati 80 kumpoto kwa Doha. Mu June 2017 Saudi Arabia itatseka malire ake ndi Qatar, mafakitale a helium a ku Ras Laffan anaima kaye, ndipo nkhawa inafika kutali, chifukwa makina a MRI m'zipatala amaziziritsidwa ndi mpweya umenewu. Nawo maginito a ku CERN, kumene amafufuza mmene zinthu zinalili pachiyambi, amawathira mpweyawu mpaka kuzizira kuposa mlengalenga mwenimwenimo.

3. Helium wochuluka m'chilengedwe, pafupifupi kota ya kulemera kwa zinthu zooneka, anapangika m'mphindi zoyambirira za Big Bang, zaka 13.8 biliyoni zapitazo. Koma wa ku Qatar si ameneyo ayi. Anatuluka pang'onopang'ono m'miyala ya uranium ndi thorium, n'kutsekeredwa pansi pamodzi ndi gasi.

4. Immanuel Kant sanatalikirepo mzinda wa kwawo, Königsberg. Komabe mu 1755 analemba kuti dzuwa ndi mapulaneti zinaumbika kuchokera ku mtambo wa fumbi, ndiponso kuti tizigamba totuwa toonekera kuthambo ndi milalang'amba ina. Edwin Hubble anadzatsimikiza za milalang'ambayo m'zaka za m'ma 1920. Chodabwitsa n'chakuti Kant yemweyo, mu 1781, anaika pambali ndi pambali umboni wakuti dziko linayamba ndi umboni wakuti silinayambe, nati zonse ziwiri zimamveka, choncho nzeru za munthu sizingagamule mlanduwu. Kwa ine, apa ndi pamene anaposa Comte. Comte anaika malire pa chinthu chimene chipangizo chatsopano chikanatha kuyeza, pamene Kant anawaika pa funso limene mpaka lero telesikopu siinaliyankhe. Masamu athu amabwerera m'mbuyo mpaka kufupi kwambiri ndi chiyambi, kenako amasokonekera.

5. Mfundo imene imakanganitsa anthu m'mayunivesite a ku America ndi ku Ulaya, yakuti chilichonse choyamba chili ndi wochiyambitsa, ndiye dziko nalonso liyenera kukhala naye, inakulira m'Chiarabu, chiyankhulo cha ku Doha. Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaiteteza kwambiri, ndipo William Lane Craig anaidzutsanso mu 1979. Koma wansembe wa Chikatolika Georges Lemaître wa ku Belgium, amene mu 1931 anati chilengedwe chinayamba chili chothinana kwambiri, sanakondwere pamene Papa Pius XII mu 1951 anagwiritsa ntchito maganizowo ngati umboni wa kulenga. Iye ankafuna kuti za labotale ndi za paguwa zisasakanizidwe.

6. Giordano Bruno, amene anatenthedwa ku Rome mu 1600 pa milandu ya chiphunzitso, ankati nyenyezi ndi madzuwa okhala ndi maiko awo. Mu December 2010 gulu lotsogozedwa ndi Khalid Al Subai, mothandizidwa ndi Qatar Foundation, linalengeza pulaneti yotchedwa Qatar-1b, yozungulira nyenyezi ina osati dzuwa lathu. Kukula kwake n'kofanana ndi Jupiter, koma chaka chake chimatha m'maola ngati 34. Palibe amene anaiona ndi maso. Makamera a gululi, amene anaikidwa ku New Mexico, ankangojambula nyenyezi yake ikuchepa kuwala pang'ono nthawi iliyonse pulanetiyo ikadutsa kutsogolo kwake.