Kusankha kamera yojambulira zam'mapanga a Chongoni

Zojambula zamakedzana za pamiyala ya Chongoni m'boma la Dedza, zomwe bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zikuzilala pang'onopang'ono kaamba ka chinyezi, utsi komanso anthu olembalemba pamiyalapo. Zithunzi zabwino ndizo zingasungire mibadwo yam'tsogolo mbiriyi, choncho kamera yake iyenera kusankhidwa mosamala.

Kamera ya digito ili ndi kachipangizo kotchedwa sensa, komwe kamalandira kuwala m'malo mwa filimu. Sensa ya full-frame ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, ndipo kukula kwake kumaposa kawiri sensa ya APS-C. Motero imatola kuwala kochuluka m'malo amthunzi monga ku Chencherere ndi ku Namzeze.

Komabe masensa a full-frame salingana. Sony A7R IV ya mu 2019 ili ndi mamegapikiselo 61, Nikon D850 ya mu 2017 ili ndi 45.7, pomwe Sony A7S III ya mu 2020 ili ndi 12 okha.

Mamegapikiselo akachuluka, ngakhale timizere tofiira tozilala ta Akafula timaoneka bwino, koma kamera imafunika kuikhazika pa choimikira cha miyendo itatu, poti ikagwedezeka pang'ono chithunzi chimasokonekera. Sensa ya mamegapikiselo ochepa imathandiza kwambiri pojambula kanema kukamada, monga wa gule wamkulu madzulo.

Choncho wofuna kusunga zojambula za m'malo 127 a Chongoni asankhe sensa ya mamegapikiselo ambiri, ndipo asaiwale choimikira.