Ukwati wa maola awiri unasanduka wa mphindi 14

Lachisanu lapitali, pamene inu munali kukangana ndi kondakita pa Kulima Tower chifukwa cha chenji, ine ndinali pa Intercity kukwera basi ya ku Petauke. Makilomita pafupifupi 400, chifukwa cha tumizere 20 tomwe ndinalemba ndekha mu 2013.

Amalume anga ali ndi kashopu pa boma la Petauke, kwa mfumu yaikulu Kalindawalo. Amajambula mavidiyo a maukwati, maliro, makwaya, ndipo nyengo ya mwambo wa Tuwimba sagona. Mtengo amautchula poona kutalika kwa vidiyo: mphindi zambiri, ndalama zambiri. Kale ankatsegula fayilo iliyonse n'kulemba mphindi m'kope. Ine, mwana wa sukulu wofuna kuonetsa nzeru, ndinawalembera kapulogalamu m'chilankhulo cha Python koti kaziwerenga kokha.

Anandiimbira foni mawu ali olemera. "Muphwa, uyu mnyamata wa m'shopu akunibera. Ntchito yapaka, koma ndalama sizioneka." Anali atatsala pang'ono kumuchotsa ntchito, mwana wa eni ake amene amadyetsa azing'ono ake atatu.

Nditafika ndinayamba ndi kompyuta, osati mnyamata. Kapulogalamu kanga sikayeza vidiyo kokha ayi. Kamatuma pulogalamu ina yotchedwa FFmpeg, yaulere, imene Fabrice Bellard wa ku France anaiyambitsa mu 2000. Mukailozera fayilo, imalavula mawu ambirimbiri pa windo lakuda lija, ndipo pakati pake pamakhala mzere wonga uwu: Duration: 02:14:07.52. Ndiye kuti maola 2, mphindi 14, masekondi 7 ndi kachidutswa. Kanga kankafufuza liwu lakuti Duration, n'kudula manambalawo pa timadontho tiwiri, n'kutenga yachiwiri ndi yachitatu. Yoyamba, ya maola, ndinaitaya dala.

Musandiseke msanga. Mu 2013 kamera ya amalume inkaima yokha isanakwanitse mphindi 30, monga makamera ambiri ojambulira zithunzi a nthawi imeneyo. Memori kadi ya mtundu wa FAT32 nayonso silola fayilo imodzi kupitirira 4 GB. Choncho ukwati unkabwera uli zidutswazidutswa, ndipo pamalo pa maola pankangokhala 00 masiku onse. Ndinati, kuvutikiranji ndi ziro?

Manje chaka chino amalume anagula kamera yatsopano yojambula osaima, kuyambira pamene mkwati akutsika m'galimoto mpaka anthu atatha nsima. Ukwati wa ku Nyimba wa maola awiri ndi mphindi 14, kapulogalamu kanalemba 14 basi. Mnyamata anawerenga zimene kompyuta yanena, n'kulandira ndalama ya mphindi 14. Wakuba anali ine, ndili phee ku Lusaka.

Ndikanatha kungowonjezera maola n'kubwerera. Koma vuto lenileni linali kwina. Mawu amene FFmpeg imalemba pa windo ndi a maso a munthu. Olemba pulogalamuyo angawasinthe kaonekedwe tsiku lililonse, ndipo alibe mlandu. Zili ngati kudziwa mtengo wa minibasi pomvetsera zimene kondakita akukuwa pa windo: lero akuti Matero, mawa waikapo nthabwala, iwe wasokonezeka. Pali pulogalamu inzake, ffprobe, imene imabwera limodzi ndi FFmpeg kuyambira 2010, ndipo ntchito yake ndi kuyankha mafunso otere. Mukalemba ffprobe -v error -show_entries format=duration -of csv=p=0 kenako dzina la fayilo, imabweza nambala imodzi yokha, ya masekondi: 8047.52. Gawani ndi 60, mwapeza mphindi 134. Palibe zodula, palibe zotaya. Chondipweteka n'chakuti inalipo kale pamene ndinkalemba zanga zija. Sindinafunse aliyense.

Zina zinali zazing'ono. Laputopu yatsopano ya amalume inakana kapulogalamuko chifukwa kanali ka Python 2, imene eni ake anasiya kuisamalira pa 1 January 2020, ndiye ndinakonza mizere ingapo. Ndinapezanso kuti fayilo ikadukira pakati, mwina batire yatha, nthawi zina kutalika kwake sikudziwika ndipo pamalembedwa N/A. Kakale kankaiwerenga ngati ziro mwakachetechete. Katsopano kamaima n'kulemba m'Chinyanja kuti "Iyi yang'anani nokha."

Tinayesa pa mavidiyo onse a miyezi inayi. Maukwati 6 ndi maliro awiri anali atalipiridwa mochepa. Amalume anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaitana mnyamata uja, namuuza kuti akhale pampando wawo, iwo n'kuimirira. "Mwana wanga, nakulakwira." Kwa munthu wa msinkhu wawo, mawu amenewo ndi mbuzi yathunthu.

Pobwerera basi inaima pa Nyimba, ndipo ndikugula nthochi pa windo foni inalira. Amalume. "Muphwa, a ukwati uja ni apa Nyimba pamene ulili. Seluka, ukawauze kuti pakali mphindi 120 zosalipira."

Ndinawauza kuti netiweki yavuta, tikambirana ndikawoloka Luangwa.