Loboti ya Opaleshoni ndi Thupi Losaima

Kodi chimayenda n'chiyani wodwala atagona?

Munthu akagona pabedi la opaleshoni, ngakhale atam'patsa mankhwala ogonetsa, m'kati mwake zinthu zimakhala zikuyendabe. Wamkulu amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi, ndipo mtima umagunda maulendo 60 mpaka 100. Mpweya ukalowa, mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba umatsika n'kukankha chiwindi, impso ndi kapamba. Ukatuluka, zonsezo zimabwereranso m'mwamba. Chotupa cha m'munsi mwa phapo chimatha kusuntha masentimita 2 kapena kuposerapo. Choncho makina olasa mosaphonya ngakhale milimita imodzi sangathandize ngati akulasa pamalo pomwe chotupa chachokapo kale.

Kugwira chiwalo kuti chisayende

Njira yakale ndi yoimitsa choyendacho. Kuyambira mu 1953, pomwe John Gibbon ku Philadelphia anagwiritsa bwino ntchito makina opopa magazi ndi kuwapatsa mpweya kunja kwa thupi, madokotala amatha kuimitsa mtima n'kuusoka uli phee. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Utrecht, ku Netherlands, anakonza chipangizo chotchedwa Octopus, chomwe chimayamwa kachigawo kakang'ono ka mtima n'kukagwira pomwe mtima wonse ukupitiriza kugunda. Njirazi zapulumutsa anthu ambiri, koma zili ndi mtengo wake: kuimitsa mtima kumalemetsa thupi, ndipo kachigawo kogwiridwa kaja kamanjenjemerabe pang'ono.

Makina oyenda limodzi ndi mpweya

Njira ina ndi yolola thupi kuyenda, makinawo n'kumalitsatira. Chitsanzo chodziwika ndi CyberKnife, yomwe anayambitsa John Adler, dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku Stanford ku America, ndipo inathandiza wodwala woyamba mu 1994. Makinawa sacheka thupi. Ndi mkono wa loboti wonyamula chipangizo chotulutsa cheza champhamvu chopha khansa, ndipo umazungulira wodwala n'kumawombera chotupa kuchokera mbali zambirimbiri. Pa zotupa za m'mapapo ndi m'chiwindi, dokotala nthawi zambiri amayamba waika timibulu tagolide tating'onoting'ono m'chotupamo kapena pambali pake, poti golide amaoneka bwino pa X-ray. Tsiku la chithandizo wodwala amavala kamalaya kothina komwe pachifuwa pake amamatapo timagetsi, ndipo makamera amationa tikukwera ndi kutsika nthawi zonse. X-ray imajambula mwa apo ndi apo chabe, kuopa kuchulutsa cheza m'thupi. Ntchito ya kompyuta ndi kulumikiza ziwirizi: timagetsi tikafika apa, chotupa chimakhala pakuti. Ikadziwa zimenezi, mkono uja umayamba kuweyuka pang'onopang'ono molingana ndi mpweya wa wodwala, yemwe amakhala ali maso, akupuma monga mwa masiku onse.

N'chifukwa chiyani makina ayenera kulosera?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kuchokera pomwe kamera yaona kufika pomwe mkono wasuntha, pamapita nthawi yoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Mwina mungaione yochepa, koma chotupa chimakhala chayendako ndithu. Makina ongotsatira zomwe aona amatsalira m'mbuyo nthawi zonse, ndipo cheza chimagwera mnofu wabwinobwino. Mnyamata wa legeni amadziwa kuti mbalame youluka salasa pomwe ili, amalasa kutsogolo komwe ikupita. Kompyuta nayo imaphunzira kapumidwe ka munthu ameneyo, kutalika kwa mpweya wake ndi liwiro lake, n'kutumiza mkono pomwe chotupa chikhale kamphindi kakubwerako. Chithunzi chilichonse chatsopano cha X-ray chimaiuza ngati yalosera bwino, ndipo imakonza mawerengedwe ake.

Nanga wodwala akatsokomola?

Kulosera kumadalira kuti mpweya ukubwereza mofanana. Kutsokomola, kuusa moyo kapena kuyamba kusinza kumasokoneza zonse. Zikatero makina amathimitsa cheza n'kuima, ndipo ogwira ntchito amadikira kuti mpweya ukhazikike asanayambirenso. Kudziwa poimira kumeneku n'kofunika mofanana ndi luso lotsatira lija, chifukwa mnofu wowotchedwa molakwika sungabwezedwe.

Mtima wogunda

Mtima ndi wovuta kuposa mapapo. Umathamanga, umapotokola pogunda, umasunthanso ndi mpweya, ndipo wa munthu wodwala umatha kudumphitsa kugunda mosayembekezereka. Akatswiri ku Tokyo ndi ku Harvard ayesa zipangizo zoyenda limodzi ndi mtima, cholinga chili choti dokotala aziuona pa kanema ngati waima pomwe chipangizo chikuutsatira. Ntchitoyi idakali ya kafukufuku, ndipo pa opaleshoni ya mtima wogunda madokotala amadalirabe chogwirira chija.

Dzanja la dokotala

Nalo dzanja la munthu limanjenjemera pang'ono maulendo 8 mpaka 12 pa sekondi, ngakhale la katswiri. Loboti ya da Vinci, yomwe inavomerezedwa ku America mu 2000, imasefa kunjenjemeraku, komanso imachepetsa kayendedwe: dokotala akasuntha dzanja masentimita 3, nsonga ya chipangizo m'mimba mwa wodwala imatha kusuntha sentimita imodzi yokha. Koma kuyenda kwa chiwalo chenichenicho, pa makina amenewa, amakutsatira ndi dokotala mwini ndi maso ake.