Malonda a njoka za mawanga ku America: mtengo umakwera ndi mtundu, umagwa zikachuluka

Mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse, mumzinda wa Daytona Beach m'chigawo cha Florida ku America mumachitika msika umene wamalonda wa pa Lizulu kapena ku Limbe angathawe asanalowe n'komwe. Pamatebulo pamadzaza timabokosi tapulasitiki, ndipo m'kabokosi kalikonse mumakhala kamwana ka njoka. Pachivundikiro amalembapo mtundu wake, ngati ndi kamphongo kapena kakakazi, komanso mtengo.

Imodzi mwa njoka zimene zimayenda malonda kwambiri kumeneko ndi corn snake. Kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa America, ilibe ululu, ndi yofatsa, ndipo ikakula imatalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ena amati dzinali linabwera chifukwa alimi ankaipeza m'nkhokwe za chimanga ikusaka mbewa. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, choncho wogula amakhala wadzipatsa ntchito ya nthawi yaitali.

Chimene anthu amalipira kwenikweni ndi mtundu wa khungu. Yakutchire imakhala yofiirira ndi mawanga ofiira ozunguliridwa ndi mzere wakuda, ndipo kamwana kake kamagulidwa madola makumi ochepa chabe. Mu 1953 ku North Carolina kunagwidwa ina yopanda mtundu wakuda, yamaso ofiira. Dokotala wina wa matenda a pakhungu, H. Bernard Bechtel, anaikweretsa ndi zinzake wamba, ndipo mu 1961 zidzukulu zake zina zinatuluka zofanana nayo. Mtundu umenewo umatchedwa Amel. Pambuyo pake kunapezeka wina wopanda kufiira, wotuwa ngati phulusa, wotchedwa Anery. Ziwirizi zikakumana mwa njoka imodzi pamatuluka yoyera yotchedwa Snow. Lero mitundu ndi misakanizo yake ilipo mazanamazana, ndipo alipo anthu amene amatolera mtundu uliwonse umene watuluka.

Masamu ake ndi amene amasiyanitsa wopeza phindu ndi wolira. Mitundu yambiri imabisala m'magazi. Munthu akakweretsa Amel ndi njoka wamba, ana onse amaoneka wamba koma amakhala atanyamula mtunduwo mkati, ndipo oweta amawatchula kuti het. Ma het awiri akakwerana, pafupifupi mwana mmodzi pa anayi ndiye amatuluka Amel. Wofuna Snow kuchokera kwa makolo onyamula mitundu yonse iwiri amayembekezera mwana mmodzi pa 16. Poti yaikazi imaikira mazira 10 mpaka 30, chaka china mwana wofunikayo satuluka n'komwe, pamene ena onsewo akufuna chakudya.

Apa ndi pamene pali malonda odabwitsa. Het imaoneka chimodzimodzi ndi njoka wamba, koma mtengo wake ndi wokwera. Wogula amalipira chinthu chimene maso ake sangachione, ndipo chilungamo chake amadzachidziwa patapita zaka pafupifupi zitatu, yaikazi ikakhwima n'kuswa. Pali ngakhale zimene amalemba kuti "66% possible het", kutanthauza kuti pa ana atatu ooneka wamba, awiri akhoza kukhala atanyamula mtunduwo koma palibe akudziwa kuti ndi ati. Pamalonda otere mpamba weniweni wa woweta ndi dzina lake. N'chifukwa chake oweta okhazikika amasunga kaundula wa makolo a njoka iliyonse ndi masiku amene yadya, ndipo ambiri sagulitsa kamwana kasanadye kangapo motsatizana, chifukwa tina timakana chakudya mpaka kufa. Patsamba la pa intaneti la MorphMarket ogula amalemba momwe wogulitsa anawachitira, ndipo wonama sachedwa kudziwika. Wogulitsa mbewu ya chimanga kapena anapiye a tsiku limodzi akuidziwa bwino nkhani imeneyi, poti nayenso amagulitsa lonjezo limene limaoneka mtsogolo.

Kugwa kwa mtengo kumaoneka bwino pa mtundu wotchedwa Palmetto, njoka yoyera yokhala ndi timadontho tamitundu ngati yawazidwa utoto. Kholo lake linagwidwa kutchire ku South Carolina. Ana oyamba atafika pamsika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, mmodzi ankagulidwa madola pafupifupi 4,000. Ambiri mwa ogula pamtengo umenewo anali oweta anzawo ofuna kuswetsa, osati ongofuna chiweto cha m'nyumba. Aliyense wa iwo ataswetsa zake, katundu anachuluka, ndipo lero Palmetto imapezeka pa madola mazana ochepa. Amel ndi Snow, zimene kale zinali zosowa, tsopano zili m'gulu la zotchipa.

Amene anadya bwino ndi woyamba uja ndi ochepa amene anagula msanga. Wolowa mochedwa anagula makolo pamtengo wokwera, n'kuwadyetsa zaka zitatu, kenako n'kupeza ana ake akugulidwa pamtengo wotsika kwambiri. Amene anamanga makola a zinziri atangomva mbiri ya mtengo wa mazira ake sakufunika kufotokozeredwa kawiri.

Nyengo nayo imaponderezanso mtengo. Njokazi zimakwerana nyengo yozizira ikatha, mazira amaswa pakatha masiku pafupifupi 60 pa kutentha kwa madigiri 28, ndipo ana a oweta onse amafika pamsika m'miyezi yomweyomweyo, ngati tomato wa pa Jenda. Kusiyana kwake n'kwakuti njoka siwola, koma imadya. Kamwana kamafuna kambewa kamodzi masiku 5 mpaka 7 alionse, yaikulu pakatha masiku 10 mpaka 14. Woweta wotsala ndi ana 100 amagula timbewa 100 sabata iliyonse, kuphatikizapo magetsi otenthetsera makola. Ambiri amatha n'kugulitsa mopikulitsa kumashopu a ziweto pamtengo wongobweza ya chakudya.

Ndalama yosadukiza ili kwa ogulitsa zofunika pa ulimiwu. Kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuweta mbewa zoyera, kuziumitsa mufiriji ndi kuzitumiza m'mabokosi molingana ndi kukula kwake. Kaya Palmetto ikwere kaya igwe, mbewa imadyedwa basi. Anyamata ogulitsa mbewa zapandodo m'mbali mwa msewu wa M1 akhoza kuseka atamva kuti kwinaku ndiwo yawo ndi chakudya cha njoka. Enanso amene sadandaula ndi opanga makola, zotenthetsera ndi mabokosi otumizira, poti njoka zambiri zimayenda pa ndege usiku umodzi, wogulitsa atalonjeza kuti ifika yamoyo kapena abweza ndalama.

Malamulo nawo sali ofanana. Ku Georgia, kumene njokayi imapezeka kutchire, boma sililola anthu wamba kuisunga, ndipo ku Australia ndi yoletsedwa poopa kuti ikathawa iwononga zachilengedwe. Kuno ku Malawi, kugwira, kusunga kapena kugulitsa nyama zotetezedwa monga nsato kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za malo osungirako nyama zakutchire, ndipo wopezeka nazo popanda chilolezo amakayankha mlandu kukhoti.