NG'OMBE YOKALAMBA IFIKE M'DZINJA IRI NDI MPHAMVU

Mvula yoyamba ikagwa m'mwezi wa November, m'midzi yambiri ya ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi mumaoneka cinthu comvetsa cisoni. Nthaka yafewa, mbeu iri m'nyumba, pulawo yakonzedwa, koma ng'ombe imene banja lonse liri kudalira ilephera kutsiriza ngakhale mizere khumi. Igwada m'munda, ndipo anyamata aimenya, aikoka mcira, koma osadzuka ai. Banja lotere liyembekeza kuti anansi atsirize minda yao ndipo libwereke ng'ombe, motero libzala cimanga pa Khrisimasi, pamene ca anzao cafika m'maondo. Njala ya caka camawa iyambira pomwepo.

Kawirikawiri imene igwa ndi ng'ombe yaikulu m'khola, ija yodziwa mzere, yomva dzina lace, imene inaphunzitsa zinzace zonse goli. Anthu angoti, "Yakalamba basi." Nzoona kuti ukalamba ulibe mankhwala, koma cimene cigwetsa ng'ombe mu November ndi njala imene inayamba mu June, mwini wace osaona. Tiyeni tsono, abale owerenga, tione m'mene tingaiperekezere kupyola cisanu ndi malimwe.

Bvuto liyambira m'kamwa

Ng'ombe iribe mano akutsogolo kumwamba. Iri ndi mano 8 akutsogolo kunsi, ndipo pakudya ikulunga udzu ndi lilime, kuupanikiza pa nkhama zolimba za kumwamba ndi kuudula. Mano acikulire akwanira onse ng'ombe ikafika zaka 4 kapena 5. Kucokera pamenepo angoperepeseka. Pofika zaka 10 mpaka 12 afupika, atalikirana, ndipo ena aguluka. M'dzinja zimenezi sizidziwika, popeza msipu ndi wofewa ndiponso wautali. Koma udzu ukauma ndi kufupika, ng'ombe yokalamba itaya tsiku lathunthu kudya cimene yaing'ono itsiriza pa theka la tsiku.

Udzuwo usinthanso. Wauwisi wa mu January uli ndi zomanga thupi zokwana magawo monga 10 pa 100, koma wouma wa mu September utsika mpaka magawo 3. M'cifu ca ng'ombe muli tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene tigaya udzu, ndipo timeneti tifuna magawo osacepera 7 kuti tigwire bwino nchito. Tikasowa cakudya, udzu ukhalitsa m'mimba osagayika, ndipo ng'ombe idya pang'ono ngakhale udzu uli ponseponse. Nkutheka tsono kuti ng'ombe ife ndi njala mimba iri yodzala. Thupi liyamba kudya mafuta ace, pambuyo pace mnofu, ndipo mphepo ya June ndi July ifulumiza zimenezi cifukwa mbali ya cakudya ithera pa kufunditsa thupi.

Yesani ndi dzanja ndi cingwe

Munthu amene aona ng'ombe yace masiku onse ndiye womaliza kuzindikira kuti yaonda. Cifukwa cace sankhani tsiku limodzi pa mwezi, kuyambira mu May, loipima. Yendetsani dzanja pa nthiti, pa msana, pa mafupa a m'ciuno ndi pa tsinde la mcira. Ngati nthiti zimveka pokhapokha mutasindikiza, iri bwino. Ngati muziwerenga muli patali, mafupa a m'ciuno atuluka ngati zikhomo, patsinde pa mcira pacita dzenje ndipo linunda lafota ndi kupendekeka, dziwani kuti mwacedwa kale ndipo muyambe lero lomwe.

Tengani cingwe cosatamuka, cizungulizeni pa cifuwa kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, ndi kumanga mfundo pamene cakomana. Cisungeni m'nyumba. Mwezi wamawa pimaninso pa malo omwewo, m'mawa ng'ombe isanadye. Cingwe sicinama. Kutsika pang'ono m'malimwe kucitika ndi ng'ombe zonse, koma ngati yokalambayo itsika mwezi ndi mwezi kuposa zinzace, ifuna cithandizo capadera. Yang'ananinso m'kamwa mwace, ndipo madzulo muione ngati iri kubzikula. Ng'ombe yolekeratu kubzikula iri kudwala.

Ng'ombe nayo ikhale ndi nkhokwe

Akulu anati m'mera mpoyamba. Cakudya ca mu October cisonkhanitsidwa mu April ndi May. Ng'ombe idya zouma zokwana magawo 2 kapena kuposerapo pang'ono pa 100 a kulemera kwace, ndiye kuti yolemera makilogalamu 350 ifuna makilogalamu 7 mpaka 9 pa tsiku. Zambiri idzazipeza yokha ku dambo ndi m'minda yokololedwa. Nchito yanu ndi kuisungira cakudya cabwino coonjezera.

Coposa zonse pa mudzi ndi masamba a nsawawa. Mukathothola, musawasiye padzuwa kuti ayoyoke kapena kudyedwa ndi ciswe. Aumitseni msanga, amangeni m'mitolo akali obiriwira, ndi kuwaika pa thandala lokwera lokhala ndi denga. Citani cimodzimodzi ndi masamba a nyemba, khobwe ndi soya, ndiponso kholowa. Mapesi a cimanga ndi othandiza kudzaza mimba koma alibe zomanga thupi zambiri. Mbali yace yabwino ndi masamba ndi nsonga, ndipo atuteni mutangokolola. Ngati mufuna kupatsa ng'ombe imodzi makilogalamu 3 a masamba a nsawawa tsiku liri lonse kuyambira August mpaka November, masiku 120, mufuna makilogalamu 360. Werengani mitolo yanu nthawi ikalipo. Cilala ca 1992 ndi ca 2024 cinaonetsa poyera kuti caka cimene cimanga calephera ndico cimenenso msipu utha msanga.

Mtengo wa msangu ndi bwenzi lina. Uyoyola masamba m'dzinja, ndipo nyemba zace zigwa m'malimwe, pamene kulibe cina. Ana angathe kuzitola m'matumba. Kwa ng'ombe yopanda mano, zisinjeni pang'ono mu mtondo. Gaga musamgulitse yense kapena kuthera nkhumba zokha, ndipo kumene afinya mafuta a mpendadzuwa funsani zotsala zace, zimene anthu azicha keke, pakuti ziri ndi zomanga thupi zambiri.

Kadyetsedwe kace

Ng'ombe yokalamba idyere payokha. Mukathira cakudya pakati pa khola, zamphamvu ziikankha ndi nyanga ndipo iyo itsala ndi mitengo yokhayokha. Imangeni pambali madzulo, ipatseni mwa mtondo wakale kapena theka la mgolo, ndipo ilekeni idye mosafulumira. Duladulani mapesi ndi cikwanje m'zidutswa zotalika ngati cala, awazeni madzi a mcere pang'ono kuti afewe. Gaga mumnyowetse kuti akhale ngati phala louma.

Ciri conse catsopano ciyambe pang'ono. Gaga ayambe ndi manja awiri odzala, ndipo muonjezere pang'onopang'ono kwa masabata 2 mpaka kufika kilogalamu 1 kapena 2 pa tsiku. Ng'ombe ikadya gaga kapena cimanga cambiri nthawi imodzi isanazolowere, mimba isasa ndi kutupa, ndipo ikhoza kufa usiku womwewo. Cakudya ca cuku citayeni. Thumba la feteleza wa urea likhale kutali ndi ziweto, popeza ng'ombe ikonda kunyambita ndipo pang'ono pokha pakwana kuipha. Ng'ombe yanjala imezanso mapepala a pulasitiki, nsanza ndi mawaya, zimene zikhala m'cifu ndi kuiondetsa kufikira imfa. Sesani pamene ziweto zipita.

Kumbukiraninso nthawi yodyera. M'mabanja ambiri khola litsegulidwa dzuwa litakwera cifukwa abusa ali ku sukulu kapena ali kuotha moto. Ng'ombe yocedwa kudya ifuna maora ocuruka ku busa, maora 8 kapena kuposa. Ngati palibe woitulutsa m'mawa, ipatseni mtolo m'khola pamene iri kuyembekeza.

Madzi, mcere ndi khola

M'nyengo yotentha ng'ombe yaikulu imwa malita 30 mpaka 40 pa tsiku. Yosamwa mokwanira ilekanso kudya zouma. Ulendo wautali wopita ku mtsinje utha mphamvu zimene mwaipatsa ndi gaga, cotero ngati citsime ciri pafupi, ndi bwino kuitungira yokalambayo. Cenjerani ndi madambo amene ali kuphwa, pakuti ng'ombe yofooka ikatitimira m'thope siitha kudzizula. Mcere wamba wokwana kadzanja kamodzi pa tsiku uithandiza kudya ndi kumwa bwino.

M'cisanu mangani mpanda wa udzu ku mbali kumene mphepo icokera, ndi kuyala udzu wouma pogona. M'malimwe pakhale mthunzi. Mvula isanayambe cotsani ndowe kupita nazo ku munda, kuti ng'ombe isagone ciimire m'matope usiku wonse pambuyo pa nchito.

Odya nayo limodzi

Nthawi zina mudyetsa bwino koma ng'ombe osanona, cifukwa pali ena amene ali kudya nayo. Njoka za m'mimba ndi tizilombo ta m'ciwindi, timene tifalitsidwa ndi nkhono za m'madambo, tiyamwa magazi. Zizindikiro zace ndi ubweya woimirira, kutsegula m'mimba, m'zikope moyera ndi kutupa kwa madzi kunsi kwa cibwano. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu za mankhwala oyenera, makamaka pamene mvula yatha ndi pamene iri pafupi kuyamba, ndipo muyezo wace ulingane ndi kulemera kwa ng'ombe. Nkhupakupa zicuruka ndi mvula, ndipo zija zokhala m'makutu ndizo zibweretsa cigodola. Musaleke dibi. Kwa okhala kufupi ndi cigwa ca Luangwa, kumene kuli kashembe, ng'ombe yoonda pang'onopang'ono ngakhale iri kudya ipimidwe magazi, cifukwa matenda a kashembe sacira ndi gaga.

Msipu woyamba ndi goli

Ambiri aganiza kuti mvula ikagwa mabvuto atha. Koma masabata oyamba a dzinja ndiwo oopsa koposa. Udzu wakale waola ndi mvula, ndipo watsopano ndi waufupi ndiponso wodzala madzi. Ng'ombe iyenda mtunda kuthamangira kobiriwira, itsegula m'mimba, ndipo iondanso pa nthawi yomwe pulawo iri kuiyembekeza. Pitirizani kuipatsa zouma m'mawa isanatuluke kwa masabata 3 kapena 4, kufikira msipu utakhwima. Musailole kudya mphukira za mapira, pakuti zanthete ziri ndi ululu wakupha.

Munthu amene wakhala miyezi osagwira khasu salima ekala tsiku loyamba. Masabata 2 kapena 3 mvula isanagwe, yambani kuimanga pa goli ndi nchito yopepuka, monga cikocikale cosadzala. Polima yambani mbandakuca ndi kumasula dzuwa lisanapse, maora 4 akwana, ndipo ipatseni nthawi yodya ndi yobzikula. Imangeni ndi inzace yolingana nayo msinkhu ndi mayendedwe. Goli likhale losalala, ndipo cironda ca pakhosi cipole isanabwerere ku nchito. Amene agwiritsa ripa ya Magoye ali ndi mwai wong'amba mizere atangokolola, nthaka isanaume ndipo ng'ombe zikali zonona, motero nchito yolemetsa siigwera mwezi wa njala.

Kwa osunga abulu ndi akavalo

Zambiri mwa izi zikhudzanso bulu ndi kavalo, koma pali kusiyana. Iwo sabzikula ndipo cifu cao ndi cacing'ono, cotero adye pang'ono kawirikawiri. Mano ao otafunira aperepeseka mosalingana ndi kucita nsonga zoceka masaya. Mukaona timibulu ta udzu wotafuna tikugwa m'kamwa, itanani wodziwa kupala mano. Ubweya wa m'cisanu ubisa kuonda, ndiye pimani ndi dzanja. Bulu amene waleka kudya tsiku limodzi ali pangozi ndipo afuna cithandizo msanga. Msipu watsopano wocuruka mwadzidzidzi uwapweteka m'mimba ndi m'ziboda. Masamba a lukina sawayenera, ndipo zakudya zina zogula za ng'ombe ndi nkhuku ziri ndi mankhwala ochedwa monensin, amene apha kavalo ndi bulu. Bulu akhoza kukhala zaka 30, koma ubweya wace ulowa madzi msanga, motero afuna denga m'dzinja.

Kudziwa nthawi yoipumitsa

Pali nthawi imene ngakhale mwini wosamala ayenera kubvomera kuti nchito ya ng'ombe yace yatha. Ngati mano ambiri aguluka, ngati inabvutika kudzuka caka catha, ngati cingwe cionetsa kuti siinabwezere thupi ngakhale m'dzinja, malimwe ena adzaigonjetsa. Nkhani imeneyi banja liikambe mu April kapena May, pamene ng'ombe iri ndi thupi ndipo mtengo wace ungathandize kugula yaing'ono. Amene adikira October agulitsa cikopa ndi mafupa kwa wogula amene adziwa kuti mwini alibe pothawira, ndipo ciweto cimene cinadyetsa ana kwa zaka zambiri citsiriza moyo wace cogona padzuwa. Ngati mphamvu zikalipo, isungeni caka cimodzi kuti iyende pambali pa yaing'ono ndi kuiphunzitsa mzere, nchito imene palibe mkwapulo ungaicite.

Tsono mwezi uno, bambo ndi mai, pitani ku khola pamodzi ndi ana amene aweta. Tsegulani kamwa la ng'ombe yanu yaikulu, mangani mfundo pa cingwe, ndi kuwerenga mitolo imene iri pa thandala. Ngati yacepa, funsani anansi amene asiya masamba a nsawawa m'munda moto usanapite.