Kupereka magazi osagwetsa nkhokwe ya ayironi

Mayi akataya magazi ambiri pochira ku chipatala cha mishoni cha Madisi, kapena mwana akayera m'manja ndi malungo a dzinja, thumba lomwe anamwino amapachika limafika kudzera njira ziwiri. Yoyamba ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, MBTS mwachidule, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003. Limatolera magazi kwa anthu odzipereka osalipidwa, limawayeza HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a B ndi C, kenaka n'kugawira zipatala kuchokera ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Yachiwiri tonse tikuidziwa: magazi akasowa, achipatala amauza abale kuti apeze munthu.

Magazi ambiri a MBTS amachokera kwa ophunzira a sekondale, ndiye sukulu zikatsekera amachepa. Apa maso amagwera anthu omwewo odalirika, amene sakana akaitanidwa. Nkhaniyi ndi yawo.

Wopereka amayenera kukhala wa zaka 16 mpaka 65. Amafunsidwa za umoyo wake, amakwera sikelo, amabayidwa chala kuti aone hemoglobini, muyezo wosonyeza ngati magazi sanachepe, ndipo zonse zikakhala bwino amapereka pafupifupi mamililita 450. Thumbalo likhoza kugawidwa patatu: maselo ofiira, madzi a magazi, ndi ma platelets, timaselo tomwe timaumitsa magazi pabala. Timaselo timeneti sitichedwa kuonongeka, masiku asanu basi, n'chifukwa chake timasowa kawirikawiri.

Ku South Africa ndi ku America kuli makina otenga ma platelets okha n'kubwezera maselo ofiira m'thupi, moti munthu amatha kubwera kawiri pamwezi. Mungaganize kuti wotereyu sataya ayironi, popeza ayironi amakhala m'maselo ofiira. Koma ulendo uliwonse timagazi timatsalira m'mapaipi a makina, tina timapita m'timabotolo toyezera. Pakutha pa chaka tochepato tachuluka, ndipo ena amapezeka ayironi wosungidwa atatsika pamene hemoglobini akadali bwinobwino.

Izi n'zofunika kuzimvetsa ngakhale kwa ife opereka thumba lathunthu. Kubaya chala kumaonetsa ufa uli m'lichero lero, osati chimanga chotsala m'nkhokwe. Thupi limayamba latapa ayironi wosungidwa m'chiwindi ndi m'mafupa, hemoglobini amadzatsika pambuyo. Choyeza nkhokweyo ndi china, chotchedwa ferritin, ndipo si chimene amayeza pachala paja. Thumba limodzi limachoka ndi mamiligiramu 200 mpaka 250 a ayironi, pomwe matumbo amangoyamwa miligiramu imodzi kapena ziwiri patsiku, mwina kuposerapo pang'ono thupi likaperewera. Madzi a magazi amabwerera m'masiku awiri, maselo ofiira m'masabata angapo, koma ayironi amafuna miyezi. Lamulo loti abambo adikire miyezi itatu ndipo amayi inayi asanaperekenso lagona pamenepa. Amayi amadikira nthawi yotalikirapo chifukwa amataya magazi ena mwezi ndi mwezi, ndipo nkhokwe yawo ndi yaying'ono kale.

Ine ndimaona kuti ngozi yaikulu kwathu kuno ili pakati pa njira ziwiri zija. Mphunzitsi wapereka kwa a MBTS atabwera pasukulu. Patangotha mwezi mlamu wake wagonekedwa, abale onse akuloza iye poti ndiye wazolowera. Kukana n'kovuta, ndikudziwa. Komabe musaganize kuti a ku labu akudziwa tsiku lomwe munapereka komaliza. Auzeni nokha, ndipo tsikulo muzililemba. Muli ndi ufulu wofunsa kuti hemoglobini wanu ali pa nambala yanji, ndiponso wonena kuti lero ayi. Akakubwezani chifukwa magazi achepa, sikuti akupezani ndi kachilombo, pakuti magazi operekedwa kwa a MBTS amakayezedwa matenda ku labu pambuyo pake.

Mukayamba kutopa popanda chifukwa, kuchita befu pachitunda chomwe mumakwera ndi njinga osatsika, kumva chizungulire kapena kulakalaka dothi, pitani mukayezetse. Mwina vuto si kupereka kokha, poti njoka za m'mimba, likodzo ndi malungo nazonso zimachepetsa magazi. Mapiritsi a ayironi amathandiza msanga kuposa chakudya, koma imwani mutauzidwa ndi achipatala, ndipo muwaike patali ndi ana chifukwa akamwa ambiri ndi poizoni.

Pa mbale, ayironi wa m'chiwindi, nyama, usipa ndi matemba amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa nyemba, soya, bonongwe ndi chisoso. Wa zomerazi amafuna chomuperekeza monga tomato, magwafa kapena malambe. Tiyi amatsekereza ayironi, choncho muzimwa patadutsa ola limodzi mutadya.